Kuyimbirana pa vidiyo pamene wina ali pa Windows, wina pa Mac, wina pa Linux

Pa 5 Meyi 2025 kampani ya Microsoft inatseka Skype. Kwa zaka zambiri pulogalamu imeneyi ndiyo inkalumikiza makompyuta a mitundu yosiyana. Inalipo ya Windows, ya Mac ndiponso ya Linux, moti munthu sankavutika n'kufunsa kuti mnzakeyo ali ndi makina otani. Lero funso lija labweranso. Tiyerekeze kuti inu muli ku Zomba ndi laputopu ya Windows, mwana wanu ali ku Johannesburg ndi MacBook, ndipo mphwanu amene amaphunzira za makompyuta anachotsa Windows n'kuikamo Ubuntu, mtundu wina wa Linux. Nonse atatu mukufuna kuonana nkhope pokambirana za chinkhoswe, koma aliyense akuti, "Ikani pulogalamu imene ndili nayo ineyi." Dzuwa limalowa anthu akadali kupanga dawunilodi, data itatha, nkhani isanayambe n'komwe.

Langizo langa n'lakuti musathamangire kuika pulogalamu. Yambani ndi browser, ija mumatsegulira masamba a pa intaneti, kaya ndi Chrome, Edge, Firefox kapena Safari. Ma browser onsewa ali kale ndi luso lotchedwa WebRTC, limene Google inalitulutsa mu 2011 kuti aliyense aligwiritse ntchito mwaulere, ndipo mu 2021 linavomerezedwa kukhala muyezo wa pa intaneti. Luso limeneli ndi limene limatenga chithunzi cha kamera ndi mawu a maikolofoni n'kuzitumiza kwa mnzanu, osasamala kuti iye ali pa Windows kapena pa Linux. Kusiyana kwa makina kumaonekera pa zitseko zitatu zokha, zimene mtundu uliwonse umakhoma mwa njira yakeyake: kamera, maikolofoni ndi kuonetsa sikirini. Mbali yaikulu ya malangizowa ili pa kutsegula zimenezo.

Gwirizanani kaye kokumana

Ngati palibe chifukwa chapadera, sankhani Google Meet. Imagwira mu browser pa makina onse atatu, ndipo woyambitsa msonkhano amangofunika akaunti ya Google, imene aliyense wa Gmail ali nayo kale. Pa akaunti yaulere anthu awiri akhoza kulankhula mpaka maola 24, koma mukakhala atatu kapena kuposa, msonkhano umaduka pakatha mphindi 60. Ukaduka mumangoyambanso. Anthu olowa akhoza kufika 100.

Jitsi Meet, imene imapezeka pa meet.jit.si, ndimaikonda pa nkhani zazitali chifukwa siikuwerengerani mphindi. Kuyambira mu Ogasiti 2023 wotsegula chipinda ayenera kulowa ndi akaunti, monga ya Google kapena GitHub, koma alendo ake safunika akaunti iliyonse. Chenjezo ndi limodzi: dzina la chipinda mumasankha nokha, ndipo aliyense padziko lapansi amene walemba dzina lomwelo amafika m'chipinda chomwecho. Musalembe "banja" kapena "msonkhano". Lumikizani mawu anayi kapena asanu osagwirizana, muikepo ndi manambala.

Zoom ili ndi pulogalamu ya Windows, ya Mac ndi ya Linux. A Ubuntu, Linux Mint ndi Debian atenge fayilo yothera ndi .deb, a Fedora atenge ya .rpm. Vuto lake n'lakuti yaulere imadula pa mphindi 40, ndipo kuyambira mu 2022 imatero ngakhale muli awiri okha. Amene sakufuna kuika pulogalamuyo ayang'ane mawu ang'onoang'ono akuti "Join from your browser" m'munsi mwa tsamba limene limatseguka akadina linki. Microsoft Teams, imene inalowa m'malo mwa Skype, inasiya kutulutsa pulogalamu ya Linux kumapeto kwa 2022, choncho wa Linux alowe kudzera pa Chrome kapena Edge.

Wa Mac nthawi zambiri amati, "Tiyeni pa FaceTime." Kale zimenezi zinali zosatheka kwa wina aliyense wopanda chipangizo cha Apple, koma kuyambira mu 2021, pamene kunabwera macOS Monterey, mwini Mac akhoza kudina "Create Link" mu FaceTime n'kutumiza linkiyo. Wa Windows amaitsegula mu Chrome kapena Edge, kulemba dzina lake, n'kudikira kuti amulowetse. Iye sangayambitse yekha, ndipo Apple imangotchula Windows ndi Android pa njira imeneyi. Ngati pagulu panu pali wa Linux, FaceTime isiyeni.

Nanga WhatsApp, imene tonse tinaizolowera? Ili ndi pulogalamu ya pa kompyuta ya Windows ndi ya Mac, ndipo zonse ziwiri zimayimba pa vidiyo. Ya Linux yochokera kwa eni ake kulibe. Zimene mungazione pa intaneti zolembedwa kuti WhatsApp ya Linux anapanga ndi anthu ena, ndipo ine sindingalangize munthu kulumikiza akaunti yake, mmene muli macheza a banja lonse, ku pulogalamu yosadziwika mwini wake. Signal ndi Telegram zili ndi mapulogalamu a makina onse atatu, kungoti aliyense ayambe walembetsa ndi nambala ya foni.

Onani zaka za browser

Apa sitichedwapo. Mu Chrome dinani timadontho titatu ta kumanja kumwamba, kenako Help, kenako About Google Chrome, ndipo idzadzikonza yokha ngati yatsalira. Malaputopu ena ogula kwa munthu amabwera ndi Windows 7 kapena 8.1. Pa makina amenewo Chrome inaima pa nambala 109 kumayambiriro kwa 2023, ndiye Meet kapena Teams ikakana, vuto si netiweki ayi. Mwini makina oterowo alowe ndi foni. Windows 10 inasiya kulandira chithandizo chanthawi zonse cha Microsoft pa 14 Okutobala 2025, koma kuyimba pa browser kukugwirabe.

Kamera ndi maikolofoni

Musanatsegule Meet kapena Zoom, yesani kamera payokha. Pa Windows tsegulani pulogalamu yotchedwa Camera. Pa Mac tsegulani Photo Booth. Pa Ubuntu pali Cheese, kapena Snapshot pa mitundu yatsopano. Nkhope yanu ikaoneka, ndiye kuti kamerayo ili bwino, chatsala ndi chilolezo basi. Sikirini ikakhala bii, yendetsani chala m'mphepete mwa pamwamba pa sikirini, pomwe pali kadiso ka kamera. Malaputopu ambiri a Lenovo ndi HP ali ndi kotsekera kakang'ono kokankha ndi chikhadabo, ndipo kakatsekedwa pamaoneka kadontho kofiira kapena timizere pamalo pa kadisoko. Anthu amatha ola lathunthu akufufuza m'ma Settings chonsecho ndi kapulasitiki aka. Malaputopu ena ali ndi batani pamzere wa F1 mpaka F12 lojambulidwa kamera kapena maikolofoni yodulidwa ndi mzere. Lidineni pamodzi ndi Fn. Mukamaliza kuyesa, tsekani pulogalamu yoyeserayo, chifukwa pa Windows ndi pa Linux kamera nthawi zambiri imatumikira pulogalamu imodzi pa nthawi imodzi. Mukasiya Camera kapena Cheese chitsegulire, Meet idzanena kuti kamera ikugwiritsidwa ntchito kwina.

Tsopano chilolezo. Pa Windows 11 pitani ku Settings, kenako Privacy & security, kenako Camera. Pali mabatani atatu oti ayatsidwe. Awiri oyamba ali pamwamba: "Camera access" ndi "Let apps access your camera". Lachitatu, lakuti "Let desktop apps access your camera", lili pansi penipeni, mpaka mutatsitsa tsamba, ndipo ndi limene limalamulira Chrome, Firefox ndi Zoom. Ambiri amayatsa awiri apamwambawo n'kubwerera, kenako n'kumadabwa kuti palibe chasintha. Mukatero bwererani m'mbuyo kamodzi, lowani pa Microphone, muchite chimodzimodzi. Pa Windows 10 njira yake ndi Settings, Privacy, Camera.

Mac ndi yokhwima kwambiri pa nkhaniyi. Pulogalamu iliyonse ikafuna kamera koyamba, makina amafunsa mwini wake, ndipo akadina "Don't Allow", mwina mofulumira osawerenga, safunsanso. Kukonza kwake n'kupita ku System Settings, Privacy & Security, Camera, n'kuyatsa batani loyang'anizana ndi dzina la Chrome kapena Zoom. Chitaninso zomwezo pa Microphone. Pa Mac yakale, isanafike macOS Ventura ya 2022, malowa amatchedwa System Preferences, kenako Security & Privacy. Ngati dzina la pulogalamu yanu mulibe mumndandanda, musadandaule. Limalowamo pokhapokha pulogalamuyo itapemphapo kamera kamodzi, ndiye yambitsani kaye msonkhano woyeserera.

Pa Linux kamera nthawi zambiri imangogwira yokha. Ikakana, tsegulani Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo a kompyuta, mulembe ls /dev/video* n'kudina Enter. Mukaona /dev/video0, makina akuiona kamerayo. Mukaona uthenga wakuti fayilo yoteroyo palibe, ndiye kuti sakuiona. Izi zimachitika pa malaputopu ena atsopano amene makamera ake Linux sinawazolowere bwino, ndipo njira yachidule n'kugula kamera yolumikiza pa USB. Zambiri mwa izo zimatsata muyezo umodzi wotchedwa UVC, moti kamera yomweyo imagwira pa Windows, pa Mac ndi pa Linux popanda kuika china chilichonse. Za mawu, pitani ku Settings, Sound, pa Input, mulankhule muone ngati kamzere kakuyenda. Kakapanda kuyenda, sankhani maikolofoni ina pamndandanda womwewo.

Makina akalola, browser nayo imafunsa payokha. Kabokosi kakatuluka kumanzere kumwamba, dinani Allow. Ngati munakana kale, dinani kachizindikiro kamene kali kumanzere kwa adiresi ya tsamba, muyatse kamera ndi maikolofoni pomwepo, kenako mutsegulenso tsambalo. Mukamathandiza munthu wachikulire pa foni, muuzeni awerenge mokweza zimene zalembedwa pa sikirini yake. Musamuuze zimene mukuona pa yanu, chifukwa makina anu ndi ake sakufanana, ndipo mudzangosokonezana.

Pangani linki, nenani nthawi momveka

Woyambitsa apite pa meet.google.com, adine New meeting, asankhe "Create a meeting for later", akope linki imene yatuluka n'kuitumiza pa WhatsApp kapena pa imelo. Kawirikawiri linkiyo imafikira pa foni pomwe munthu akufuna kulowa ndi kompyuta. Palibe vuto. Kumapeto kwa linki ya Meet kuli zilembo 10 zogawidwa patatu ndi timizere. Mungathe kungozilemba pamanja m'bokosi la pa tsamba la Meet pa kompyuta.

Woyambitsa alowe msanga, chifukwa ena akadina "Ask to join" amaima panja mpaka iye atadina Admit. Linkiyo musaiike poyera pa Facebook. Itumizeni kwa okhawo amene mukufuna.

Za nthawi, Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali pa wotchi imodzi chaka chonse. Britain ndiye amasintha: kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Marichi, London imakhala m'mbuyo ndi maola awiri, ndipo miyezi inayo ndi ola limodzi. Lembani nthawi zonse ziwiri mu uthenga womwe muli linki.

Ngati nkhaniyo ndi yofunika, monga mayeso a ntchito kapena kukumana kwa ankhoswe, yesani dzulo lake kwa mphindi zisanu ndi munthu amene ali ndi makina akale kwambiri pagulupo. Zoom ili ndi tsamba loyeserera wekha, zoom.us/test, limene limakujambulani mawu n'kukubwezerani kuti mudzimve. Meet imakuonetsani nkhope yanu musanalowe, ndipo pomwepo mukhoza kusankha kamera, maikolofoni ndi sipika.

Mawu ndiwo ofunika kuposa chithunzi

Chithunzi chikamaima anthu amapirira, koma mawu akamadukaduka kapena kubwerera, kukambirana kumatha. Mawu obwerera ali ndi lamulo limene ambiri salidziwa: amene akudzimva yekha si amene wayambitsa vutolo. Mawu ake akutuluka pa sipika ya mnzake n'kulowanso mu maikolofoni ya mnzakeyo. Choncho amene sakumva vuto lililonse ndi amene ayenera kuchepetsa voliyumu kapena kuvala mahedifoni. Mahedifoni wamba a waya, omwe aja a foni, amalowa pa kabowo ka malaputopu ambiri ndipo amathetsa nkhaniyi. A Bluetooth amagwira, koma maikolofoni yake ikayamba kugwira ntchito mawu omvera amatsika ubwino, ndipo nthawi zina kompyuta imasankha sipika ina mosakuuzani. Zikatero lowani mu Settings ya msonkhanowo, pa Audio, musankhe nokha.

Ngati awiri muli m'chipinda chimodzi, lowani ndi kompyuta imodzi. Makompyuta awiri oyandikana, onse ali ndi sipika ndi maikolofoni zoyaka, amatulutsa kulira kobaya m'makutu kumene kumavutitsa aliyense pamsonkhanopo.

Mu Meet, Ctrl ndi D zimazimitsa ndi kuyatsa maikolofoni, Ctrl ndi E kamera. Pa Mac batani lake ndi Command m'malo mwa Ctrl. Kumbukirani kusiyana kumeneku mukamalangizana.

Khalani moyang'ana kumene kukuchokera kuwala. Zenera likakhala kumbuyo kwanu, anzanu amangoona chithunzithunzi chakuda.

Data ndi magetsi

Zoom imanena kuti anthu awiri oyimbirana pa vidiyo yabwino wamba amafunika liwiro la 600 kbps potumiza ndi 600 kbps polandira, ndipo pa vidiyo yooneka bwino kwambiri ya HD (720p) amafunika 1.2 Mbps mbali iliyonse. Mukawerengetsa, ndiye kuti ola limodzi limadya pafupifupi 540 MB pa yoyambayo, ndipo limapitirira pang'ono 1 GB pa yachiwiriyo. Anthu akachuluka, data nayo imakwera. Mu Meet dinani timadontho titatu, Settings, Video, mutsitse "Send resolution" ndi "Receive resolution" kufika pa 360p. Nkhope zimaonekabe bwinobwino. Mu Zoom chotsani chizindikiro pa HD.

Chimene chimapha bandulo mwakachetechete si vidiyoyo ayi, koma kompyuta yomwe. Mukailumikiza ku hotspot ya foni, iyo imayesa yapeza Wi-Fi ya pakhomo yopanda malire, n'kuyamba kukoka zosintha za Windows ndi kukweza zithunzi ku OneDrive kapena iCloud. Pa Windows lowani mu Settings, Network & internet, Wi-Fi, mudine dzina la hotspot yanu, muyatse "Metered connection". Pa Mac yatsopano, mu Details ya Wi-Fi yomweyo muli "Low data mode". Ubuntu nayo ili ndi posonyeza kuti kulumikizako n'kolipira pa data, m'makonzedwe a Wi-Fi. Dziwaninso kuti bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha siitsegula Meet, Zoom kapena Jitsi. Pamafunika bandulo ya intaneti yonse.

Ine ndimakonda kulumikiza foni ku laputopu ndi chingwe cha USB n'kuyatsa "USB tethering" pa Android, chifukwa foni imatchajika uku ikupereka intaneti, ndipo kulumikizako sikugwedezeka. Pa Windows ndi pa Linux zimagwira mosavuta, koma Mac nthawi zambiri siilandira Android pa chingwe mwa njira imeneyi, ndiye kumeneko gwiritsani ntchito hotspot. Tchajani laputopu nthawi ikadalipo. Magetsi akazima laputopu imapitiriza ndi batire, koma router, kabokosi kopereka Wi-Fi, imazima nthawi yomweyo, choncho hotspot ya foni ikhale yokonzeka, pasiwedi yake italowetsedwa kale mu kompyuta.

Kuonetsa sikirini

Pa Windows palibe chovuta: dinani batani loonetsera, sankhani chimene mukufuna anzanu aone. Pa Mac pamafunika chilolezo china, mu Privacy & Security momwemo, pa Screen Recording, kapena Screen & System Audio Recording pa mitundu yatsopano. Mukachipereka, makina amafuna kuti mutseke browser yonse n'kuitsegulanso, ndiye kuti msonkhano uduka. Chitani zimenezi msonkhano usanayambe.

Pa Linux ndi pomwe pamavuta. Ubuntu kuyambira 21.04, komanso Fedora, zimagwiritsa ntchito njira yojambulira sikirini yotchedwa Wayland, imene siilola pulogalamu kuona sikirini popanda kupempha chilolezo kaye. Ndi browser yatsopano zimayenda, kungoti mumafunsidwa kawiri: koyamba ndi browser, kachiwiri ndi makinawo. Anzanu akamangoona mdima, sankhani kuonetsa tab imodzi ya Chrome, ndiye kuti tsamba limodzi lotsegulidwa mu browser, m'malo mwa sikirini yonse, chifukwa njira imeneyi siidutsa pa Wayland. Pa Ubuntu 22.04 ndi 24.04 mungathenso kutuluka mu akaunti yanu, kudina kachizindikiro kooneka ngati giya pa tsamba lolowera, n'kusankha "Ubuntu on Xorg".

Ngakhale pa makina amene sakuvuta, kuonetsa tab imodzi kapena zenera limodzi n'kwanzeru. Mukaonetsa sikirini yonse, uthenga uliwonse umene ungalowe pa nthawiyo umawerengedwa ndi onse, apongozi omwe.

Zikasokonekera muli m'kati

Mawu akayamba kudukaduka, amene netiweki yake yafooka azimitse kamera yake kaye. Nthawi zambiri mawu amabwerera pompo, chifukwa liwiro lotumizira ndi limene limachepa msanga pa netiweki ya foni. Zikapitirira, atseke ma tab ena onse, atsegulenso tsamba la msonkhano, alowenso ndi linki yomweyo. Zikakanabe, ayese browser ina: wa Firefox kapena Safari apite pa Chrome, wa Windows ayese Edge imene ili kale m'makina ake. Amene ali pa intaneti ya ku ofesi kapena ya kusukulu adziwe kuti malo ena amatseka njira zimene vidiyo imadutsa, ndiye asamukire pa hotspot. Ndipo ngati papita mphindi 10 kompyuta ya munthu mmodzi ikuvutabe ena akudikira, adine linki yomweyo pa foni yake alowe ndi pulogalamu ya Meet, Zoom kapena Jitsi ya pa foni, kompyutayo aikonze msonkhano ukatha.